Mabolodi anga a ku Shenzhen: zomwe ndinakumana nazo ndi fakitale yosadalirika

Ndimapanga timabokosi ta magetsi toyendetsa mapampu a sola, amene alimi othirira amatungira madzi mumtsinje kapena pachitsime. Kabokosiko kamayang'anira mphamvu yochokera ku mapanelo, kamazimitsa pampu madzi akaphwa kuti isapse, ndipo kamaiimitsanso thanki ikadzaza. Zaka zoyamba ndinkawotcherera ndekha kachipangizo kalikonse pa bolodi, kathabwa kopyapyala komwe tizipangizo ta magetsi timakhalapo, patebulo langa ku Blantyre. Maoda atachuluka manja anachepa, ndiye ndinayamba kufunafuna fakitale yoti izindipangira mabolodi athunthu. Achinyamata amene akuyamba ntchito ngati yangayi akandipeza amafunsa kuti fakitale yabwino ndi iti. Dzina la fakitale silingakupulumutseni. Munthu wa kuno amapulumuka akatsimikiza kuti zomwe apanga ndi zomwe anagwirizana, katundu adakali ku China, ndalama yomaliza idakali m'manja mwake. Katunduyo akangokwera ndege, mulibenso chogwira.

Kwa amene sanaionepo ntchitoyi, imayenda chonchi. Mumatumiza mafayilo a Gerber, omwe amasonyeza njira za mkuwa ndi mabowo a pa bolodi. Mumatumizanso BOM, mndandanda wa tizipangizo tonse, pamodzi ndi fayilo yonena malo amene kachipangizo kalikonse kakhale ndi kumene kayang'ane. Fakitale imadula chitsulo chopyapyala chokhala ndi timabowo, chotchedwa stencil, n'kupakira phala la solder, chitsulo chowotcherera, pa bolodi. Makina amatola tizipangizo n'kutikhazika m'malo mwake, kenako bolodi limadutsa mu uvuni. Solder yopanda mtovu yomwe ambiri amagwiritsa ntchito imasungunuka pa madigiri pafupifupi 217, ndipo uvuniwo umafika cha m'ma 240. Potuluka, kamera ya makina a AOI imaona ngati chilichonse chakhala pamalo pake. Koma kamerayo singadziwe ngati capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) yaing'ono yomwe yaikidwayo ndi imene munalamula. Imangoona kuti pali kanthu ka msinkhu woyenera. Mavuto anga anadzera pamenepa.

Mafakitale oterewa ndi ochuluka ku Shenzhen, mzinda wa kum'mwera kwa China, makamaka m'chigawo cha Bao'an, komanso mumzinda woyandikana nawo wa Dongguan. Pakati pa Shenzhen pali msika wa Huaqiangbei, nyumba zosanja zodzaza ndi timashopu togulitsa tizipangizo ta mtundu uliwonse: teniteni, takale tochotsedwa pa mabolodi akufa, ndi tachinyengo. Msika umenewu ndi umene umachititsa kuti ntchito iziyenda msanga kumeneko, ndipo zinthu zolakwika zimaloweranso pomwepo.

Fakitale yanga yoyamba ndinaipeza pa Alibaba, msika wa pa intaneti, chakumapeto kwa 2021. Mayi amene ankayankha mauthenga anali wachangu ndi waulemu. Tinasamukira pa WeChat, pulogalamu ya ku China yotumizirana mauthenga, ndipo ankatumiza zithunzi za makina onyezimira ndi antchito ovala zoyera. China ili patsogolo pathu ndi maola 6, choncho ndikamadzuka ndinkapeza mayankho onse afika kale. Masampulo ochepa amene anatumiza anali abwino zedi. Ndinawayesa patebulo, ndinawayesa ndi pampu padzuwa, onse anagwira.

Nthawi imeneyo ma chip ankasowa padziko lonse. Chip yaikulu ya pa bolodi langa, yomwe imayendetsa zonse, ndi STM32F103, ya kampani ya STMicroelectronics. Ogulitsa ovomerezeka ankati munthu adikire pafupifupi chaka, ndipo pamsika wamba mtengo unali utawirikiza kangapo. Fakitale yangayo inati ili nazo kale mosungira katundu, mtengo n'kungokwera pang'ono. Tinagwirizana mabolodi mazana angapo, 30 peresenti ya ndalama poyamba, 70 peresenti ntchito ikatha.

Kenako kuchedwa kunayamba. Chaka Chatsopano cha ku China mu 2022 chinali pa 1 Febuluwale, ndipo nyengo imeneyi mafakitale amatseka masabata awiri kapena atatu, antchito n'kupita kumidzi kwawo, ena osabwereranso. Mu Malichi mzinda wa Shenzhen unatsekedwa kwa sabata chifukwa cha Covid-19. Zifukwa ziwirizi zinali zoona. Koma pambuyo pake kunabwera zina zosamveka: lero makina awonongeka, mawa injiniya wadwala, mkucha akudikira makatoni. Ndikapempha kanema wa mabolodi anga ali pa makina, ankatumiza zithunzi ziwiri zojambulidwa patali. Tili mkati mokokana choncho, mu Meyi Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo ndalama yotsala ija inalemera usiku umodzi. Madola ku banki anali odikira masabata. Atapezeka ndinalipira, katundu anatera pa Chileka, ndinapereka msonkho ku MRA, ndipo mabokosi anapita kwa alimi nyengo yothirira itayamba kale.

M'miyezi yozizira zonse zinali bwino. Mafoni anayamba kumapeto kwa Seputembala, ndipo pofika Okutobala anali osaleka. Ambiri ankachokera kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene miyezi imeneyi kutentha kumapitirira madigiri 40. Bambo wina wa ku Chikwawa, amene anadzala chimanga chodya chachiwisi ndi tomato, anandiimbira n'kunena kuti: "Achimwene, kabokosi kanu kaja m'mawa kakugwira bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo pampu ikungodukiza, kuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Mbewu zikufota madzi ali pomwepa mumtsinje." Mawu amenewa anandipweteka. Munthuyo anatenga ngongole kuti agule pampuyo, ndipo amene ankamudziwa ndine, osati fakitale ya ku Shenzhen.

Tinabweretsa mabolodi angapo patebulo n'kuwaika pambali pa sampulo yoyamba ija, imene ndinasunga. Ndi maso zinali zofanana. Ma capacitor ang'onoang'ono a ceramic salembedwa chilichonse pamwamba, onse amaoneka abulauni chimodzimodzi. BOM yanga inkanena mtundu wa X7R, womwe magetsi amene umasunga sasintha kupitirira 15 peresenti kuyambira kozizira kwambiri mpaka madigiri 125. Tinachotsa capacitor imodzi pa sampulo ndi ina pa bolodi lochokera kwa mlimi, tinaziika pa mita ya LCR, yoyezera tizipangizo totere, n'kuziuzira mpweya wotentha. Ya pa sampulo inangosuntha pang'ono. Inayo inatsika mpaka kutsala yosakwana theka. Khalidwe limeneli ndi la mtundu wotchipa wa Y5V, womwe umaloledwa kutaya mpaka 82 peresenti. Capacitor imeneyi ndi imene inkasalaza magetsi opita ku chip. Bokosi likatentha masana magetsiwo ankagwedezeka, chip n'kuyambiranso, pampu n'kuzima.

Titaona zimenezi tinafufuza bolodi lonse. Ma capacitor akuluakulu ozungulira, a electrolytic, ndinalemba a madigiri 105. Omwe anaikidwa anali a madigiri 85, a dzina losadziwika. Wina angaone ngati kusiyanaku n'kochepa, ndiye tiyeni tiwerenge. Ma capacitor ambiri otere amalembedwa moyo wa maola 2,000 pa kutentha kwawo kwa pamwamba, ndipo moyowo umawirikiza kawiri kutentha kukatsika ndi madigiri 10. M'bokosi lotsekedwa lili padzuwa la kuchigwa, mkati mumatha kufika madigiri 65. Pamenepo ya 105 ija imakhala maola pafupifupi 32,000, pomwe ya 85 imakhala 8,000 okha. Munthu anasunga timasenti tochepa pa bolodi lililonse, n'kudula magawo atatu mwa anayi a moyo wa chipangizo changa.

Chimene chinandilefula kwambiri ndi chip. Pa mabolodi ena, titapukuta pamwamba pake ndi thonje loviika mu acetone, thonjelo linada ndipo zolemba zinayamba kufufutika. Chip yochokera kwa eni ake zolemba zake zimakhala zodindidwa ndi laser, sizichoka choncho. Titalumikiza kachipangizo kolowetsera firmware, pulogalamu imene imakhala mkati mwa chip, nambala yodzidziwikitsa imene chip inapereka inali yosiyana ndi ya pa sampulo. Ku China kuli makampani amene amapanga ma chip ofanana miyendo ndi STM32 n'kumawagulitsa ndi mayina awoawo. Imeneyo ndi bizinesi yapoyera, ndipo mukasankha nokha chip yotero, n'kuiyesa, n'kukonza firmware kuti igwirizane nayo, palibe cholakwika. Zimene zinandichitikira ine n'zina. Munthu anatenga chip yosadziwika kochokera, anaipaka utoto wakuda, n'kulembapo dzina la ina.

Ndinatumiza zithunzi, makanema ndi zotsatira za mita. Poyamba anati katundu yense anayesedwa asanachoke. Ndinapempha kaundula wa kuyesako, panalibe. Kenako anati tizipangizoto n'tofanana, ndipo kusintha kotere n'kozolowereka zinthu zikamasowa. Kenako anati mwina alimi anga akulumikiza molakwika. Pomaliza anati ndibweze mabolodi akonze, ndalama ya ulendo wopita ndi wobwera ikhale yanga, apo ayi andichotsere pang'ono pa oda yotsatira. Aliyense amene anayesapo kutumiza katundu kuchokera kuno akudziwa kuti kubweza n'kosatheka: mtengo wa ndege, mapepala a kasitomu mbali zonse ziwiri, miyezi ina yodikira, uku mbewu zikuuma. Iwonso ankadziwa zimenezi. Chitetezo cha ogula chotchedwa Trade Assurance pa Alibaba chimakhudza ndalama zolipiridwa kudzera pa Alibaba pomwepo, ndipo nthawi yoperekera dandaulo ndi yochepa. Vuto langa linaonekera patadutsa miyezi, kunja kutatentha.

Mnzanga wina amene anaphunzira ku Guangzhou ndipo amawerenga Chitchaina anandithandiza kuona chiphaso cha bizinesi cha kampaniyo. Kampani iliyonse ku China ili ndi chiphaso chokhala ndi nambala ya zilembo 18, ndipo boma lili ndi kaundula wa pa intaneti momwe munthu angaone tsiku limene inalembetsedwa, adiresi yake, ndi ntchito zomwe inalembetsa kuti izichita. Ya kampani yangayo inkanena za kugula ndi kugulitsa, osati kupanga. Adiresi inali ya ofesi m'nyumba yosanja. Makina a pa zithunzi zija anali a eni ake ena. Masampulo anawapangitsa pamalo abwino ndi tizipangizo tabwino, oda yaikulu n'kuipereka kwa amene anatchula mtengo wotsikitsitsa. Sikuti kampani iliyonse yoima pakati ndi yoipa, ayi. Zilipo zimene zimathandiza kwambiri munthu wa oda yaing'ono amene fakitale yaikulu singamulabadire. Koma muyenera kudziwa amene mukulankhula naye, chifukwa munthu amene alibe makina sangakulonjezeni zimene zidzachitike pa makinawo.

Tinakonza tokha. Ndinagula ma capacitor enieni, ndipo ine ndi anyamata anga awiri amene anaphunzira zamagetsi kukoleji ya zaluso tinazungulira m'madimba kusintha mabolodi, akalewo n'kumabwera nawo kudzakonza. Okhala ndi chip yopakidwa utoto tinawachotseratu. Inali nthawi imene mafuta a galimoto ankasowa, mizere pa filling station ili mbwee, ndipo phindu la chaka chimenecho linathera m'njira.

Fakitale yachiwiri ndinaifikira mosiyana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti mumvetsetse. Ndisanatumize fayilo ina iliyonse ndinapempha chiphaso cha bizinesi. Ndinapemphanso kuti tiimbirane pa kanema nthawi yomweyo, munthuyo atuluke muofesi, andionetse chikwangwani cha pakhomo, ayende mpaka pa makina. Fakitale yeniyeni imachita zimenezi osachedwa. Ndinafuna kulankhula ndi injiniya, osati wogulitsa yekha. Chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kwambiri tsopano ndi mafunso awo. Atalandira mafayilo, injiniyayo anabweza tsamba lathunthu: diode iyi iyang'ane kuti, mabowo awa ayandikira kwambiri m'mphepete, njira ya mkuwa iyi yachepa poyerekeza ndi magetsi odutsamo, bwanji tiike mkuwa wochindikala wa 2 oz m'malo mwa 1 oz. Oyamba aja sanafunsepo kanthu. Chilichonse ankangoti palibe vuto. Munthu amene wawerengadi mafayilo anu sangalephere kupeza chofunsa.

BOM ndinailembanso yonse. Pa mzere uliwonse pali dzina la kampani yopanga kachipangizoko ndi nambala yake yathunthu, osati kukula ndi mtundu basi. Pali danga la tizipangizo tolowa m'malo, tomwe ndinatiyesa kale n'kutivomereza ngati koyambako kasowa. Ndipo pali mawu, m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, oti palibe kusintha chilichonse popanda chilolezo changa cholembedwa. Tizipangizo tomwe kawirikawiri timakhala tachinyengo, monga chip yaikulu, ma MOSFET (timaswitchi ta magetsi) ndi ma capacitor akuluakulu, ndimagula ndekha kwa ogulitsa ovomerezeka ngati Mouser, Digi-Key kapena LCSC, n'kutumiza molunjika ku fakitale. Mtengo umakwera pang'ono, ndipo muyenera kuwonjezerapo tochepa poti makina amataya tina poyambira, koma mumadziwa chomwe chili pa bolodi lanu. Pa tina tonseto ndimapempha chithunzi cha lebulo ya pa reel iliyonse, gudumu lomwe tizipangizo timabwera titakulungidwapo, isanakwezedwe pa makina.

Pangano nalo lili m'zilankhulo ziwiri, ndipo lili ndi chidindo chofiira cha kampani. Ku China chidindo chimenechi ndi chimene chimamanga kampani, kuposa siginecha ya wogulitsa. Dzina la pa chidindo, la pa chiphaso ndi la pa akaunti ya ku banki likhale limodzi. Mu panganomo tinalemba kuti kawotchereredwe kaziweruzidwa ndi muyezo wa IPC-A-610, Class 2. Muyezowu uli ndi magawo atatu, ndipo lachiwirili ndi la zipangizo zimene ziyenera kugwira ntchito nthawi yaitali mosavuta. Ubwino wake ndi wakuti mukangana za solder inayake simukanganiranso maganizo a munthu, mumatsegula zithunzi za m'muyezomo n'kuyerekeza. Tinasainanso mabolodi awiri ovomerezeka, lina likhale kwa iwo, lina kwa ine.

Koma chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi jigi yoyesera. Ndinaipanga ndekha ku Blantyre n'kuitumiza ku fakitale. Ndi kathabwa kokhala ndi timisomali ta masipuling'i, totchedwa pogo pins, tomwe timagunda malo oyesera amene ndinawaikiratu pansi pa bolodi. Wantchito amaika bolodi, amatsindika chogwirira, ndipo jigiyo imalowetsa firmware, imawerenga nambala ya chip, imayeza magetsi m'malo ofunika, imayatsa ndi kuzimitsa mbali yoyendetsa pampu, kenako imayatsa nyali yobiriwira kapena yofiira. Wantchitoyo sakufunika kudziwa Chingerezi kapena kumvetsa bolodi langa. Bolodi lililonse lili ndi nambala yake pa sitika, ndipo zotsatira zake zimalembedwa pa khadi la SD lomwe lili mkati mwa jigi. Fayilo imeneyo ndimailandira ndisanalipire. Ngati oda ili ndi mabolodi mazana asanu koma fayilo ikuonetsa mazana atatu, sipafunikanso kufunsa ngati onse anayesedwa. Nthawi yolembedwa pa mzere uliwonse imanenanso zambiri, chifukwa bolodi limodzi loyesedwa mobwerezabwereza kuti manambala akwane limaonekera.

Jigi imayesa pamalo ozizira bwino a m'fakitale, pomwe vuto langa loyamba linkabwera ndi kutentha. Choncho mu pangano muli mfundo yoti mabolodi ena, otoledwa mwachisawawa, aikidwe m'bokosi lotenthetsera pa madigiri 70 kwa maola angapo akugwira ntchito. Mafakitale ambiri ali nalo bokosi lotere, kungoti saliyatsa mukapanda kunena. Firmware ndimatumiza fayilo yomalizidwa yokha, osati zolemba zimene ndimapangira pulogalamuyo, ndipo jigi ikamaliza imatseka chip kuti munthu asakope zomwe zili mkati.

Asanayendetse oda yonse, amapanga mabolodi ochepa oyamba n'kuima. Ndimaona zithunzi zapafupi ndi zotsatira za jigi, ndikavomereza ndiye amapitiriza. Oda ikatha ndimatumiza woyendera wapadera amene si wa fakitaleyo. Makampani monga SGS, Bureau Veritas, Intertek ndi QIMA amachita ntchitoyi, ndipo tsiku limodzi limadya madola mazana ochepa. Amatsatira muyezo wa ISO 2859-1. Mwachitsanzo, pa katundu wa pakati pa 501 ndi 1,200, pa mlingo wachiwiri womwe ambiri amatsatira, woyenderayo amatola 80. Ngati munagwirizana AQL, mlingo wa zolakwika zololedwa, ya 2.5, akapeza olakwika 5 katunduyo amadutsa, akapeza 6 wakanidwa. Pa AQL ya 1.0 amaloledwa awiri okha. Ine pa zolakwika zimene zingaimitse pampu ndimaika 1.0, chifukwa bolodi limodzi lakufa kwa ine ndi ulendo wa ku Nsanje. Woyenderayo asankhe yekha makatoni, asapatsidwe. Ndipo mumulembere zoti aone, chifukwa munthu amene dzulo ankayendera nsapato sangadziwe kuti pa bolodi lanu ayang'ane madigiri olembedwa pa capacitor.

Zonsezi zimagwira ntchito chifukwa cha mzere umodzi wa mu pangano: 70 peresenti yotsala idzalipidwa katundu akadutsa pa kuyenderako, osati akangotha kupangidwa. Ife Amalawi timachita manyazi pa nkhani zotere. Munthu akakhala waulemu, akumatifunsa za banja, akumatitumizira moni wa Khirisimasi, timaona ngati kupempha umboni n'kumunyoza. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Anthu a m'mafakitale amenewa amagwira ntchito ndi makasitomala a m'mayiko ambiri amene amafuna zoposa zimenezi, ndipo fakitale yabwino sidabwa nazo. Imene imakwiya mukatchula za woyendera yakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Ndinaona mphamvu ya mzere umenewu mu 2023. Chaka Chatsopano cha ku China chinali pa 22 Januwale, ndipo oda yanga inapangidwa mafakitale atangotsegulanso, antchito ambiri ali atsopano. Woyendera anapeza kuti pa zolumikizira zikuluzikulu za mawaya a pampu, zomwe zimawotchereredwa ndi manja, solder sinalowe bwino m'mabowo. Inkaoneka yotuwa ndi yokhakhala, ndipo yotero imagwira miyezi yochepa kenako n'kutentha pamalopo mpaka kupsa. Jigi sinagwire vutoli, poti magetsi ankadutsa ndithu. Katundu anakanidwa. Fakitale yomwe ndimaiyamikirayi nayo inayesa kaye kunena kuti vutolo ndi laling'ono. Ndinangotumiza tsamba la muyezo ndi tsamba la pangano. Anawotchereranso onse, analipira okha kuyendera kwachiwiri monga tinagwirizana, ndipo ndalama ndinatumiza zitadutsa. Fakitale yabwino nayo imalakwitsa. Kusiyana kwake ndi chaka chapitacho kunali kwakuti mabolodi anali adakali patebulo lawo.

Pali ngozi ina imene sichokera ku fakitale. Tsiku lina, nthawi yolipira itayandikira, ndinalandira imelo yooneka ngati ya wogulitsa wanga, yokhala ndi invoisi yolondola, koma yonena kuti akaunti yawo ili pa kafukufuku ndiye ndilipire ku akaunti ina ya ku Hong Kong, ya dzina lina. Ndinamuimbira pa kanema pa WeChat, ndipo sankadziwa chilichonse. Adiresi ya imeloyo inasiyana ndi yeniyeni ndi chilembo chimodzi. Akuba otere amalowa mu imelo ya mbali imodzi, amawerenga mwakachetechete, n'kudikira tsiku la ndalama. Uthenga uliwonse wosintha akaunti muziutsimikizira pa njira ina, ndi munthu amene mumamudziwa nkhope. Madola amene mwawadikira masabata ku banki akapita kolakwika, kuwabweza n'kovuta kwambiri.

Nkhani ya ndalama zakunja imalowerera pa chilichonse. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwanso mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anali ndi ngongole ya madola ku fakitale anamva kuwawa. Ndimayamba kupempha madola ku banki oda isanathe, ndipo ndimauziratu fakitale kuti kwathu kuno ndalama imatha kuchedwa. Akadziwiratu amamvetsa, koma mukangokhala chete amaganiza kuti mwathawa. Kalendala nayo ndimaiona. Alimi amafuna mapampu mvula ikangotha, cha m'ma Meyi, choncho oda iyenera kutha Chaka Chatsopano cha ku China chisanafike, kapena kuyamba patadutsa masabata angapo chitatha, antchito atakhazikika. Sabata yoyamba ya Okutobala nayo ndi ya tchuthi ku China konse. Mabolodi ndi opepuka, ndiye amabwera pa ndege. Mabokosi apulasitiki ndi zina zolemera zimadzera pa sitima ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo kumeneko muwerengere miyezi.

Ntchito imene tingathe kuno sindiitumizanso kunja. Kupaka mabolodi vanishi yowateteza ku chinyontho ndi fumbi, kudula mawaya, kumanga m'mabokosi ndi kuyesa komaliza ndi pampu yeniyeni, zonsezi anyamata anga amachita ku Blantyre, ndipo maso awo ndi amene amaona bolodi lililonse lisanapite kwa mlimi. Fakitale imangochita zimene zimafuna makina. Mu pangano zinalembedwa kuti stencil, jigi ndi tizipangizo totsala ndi zanga, ndipo ndikazifuna azitumize kumene ndanena. Chaka chilichonse ndimaperekanso oda yaing'ono ku fakitale ina ya ku Dongguan, yomwe ili ndi jigi yakeyake, kuti tsiku limene yachiwiriyi idzasinthe mwini, kapena injiniya wofunsa mafunso uja adzachoke ntchito, ndisadzayambirenso kufunafuna nyengo yothirira ili pafupi.